Ziganizo Zimene Zinafufutidwa

Vidiyoyo inali ya masekondi makumi anayi okha, koma pamene Sajeni ankagogoda pageti anali ataionera kale kasanu ndi kawiri. Nkhope imene inali m'menemo inali yodziwika tauni yonse: Anamwino, mayi wa imvi amene kwa zaka zitatu ankalankhula m'mafoni a anthu m'mawa uliwonse, mphindi imodzi basi, za matenda othamanga magazi. M'vidiyomo ananyamula kabotolo ka makapisozi obiriwira.

"Siyani mankhwala a kuchipatala," ankatero. "Imwani kapisozi mmodzi m'mawa, bipi yanu itha m'sabata ziwiri. Ine ndawaona ndi maso anga anthu amene amwa. Ndine namwino wanu, dzisamalireni."

Telala wina anamvera. Anasiya mapiritsi ake, ndipo patatha masiku khumi ndi awiri anagwera pamakina osokera. Tsopano anali kuchipatala, mbali imodzi itafa, akuyang'ana mkazi wake osatha kumuitana. Wogulitsa makapisoziwo anali atathimitsa foni n'kuzimiririka. Anatsala ndi mwini nkhope. Bungwe la anamwino linali litawaitana Lachisanu kuti akabweze chiphaso chawo, ndipo abwana a Sajeni ankafuna kuti pofika tsikulo mayiwo akhale ali m'chitolokosi. Lero linali Lachitatu.

Ntchito imeneyi Sajeni sankaifuna m'pang'ono pomwe. Mayi ake omubala anakana mapiritsi zaka ziwiri, ana akuwachonderera mpaka kutopa, koma atamva Anamwino kamodzi kokha anayamba kumwa ngati mwana wa sukulu. Kumanga munthu wotere kunkamudetsa mtima.

Anatsegula geti anali amuna awo a Anamwino, bambo wowonda, wovala taye ali pakhomo pawo pomwe, zolembera ziwiri m'thumba la shati. Anagwira ntchito zaka makumi atatu kuofesi yosunga zikalata, ndipo ngakhale anapuma, aliyense ankawatchulabe kuti Akalaliki.

"Takulandirani, Asajeni. Pukutani mapazi, chonde. Mayi ali m'chipinda chojambulira."

Anamutsogolera m'kakhonde ka m'kati. Kukhoma kunali shelefu ya mafayilo oimikidwa molingana, iliyonse ndi kapepala kolembedwa ndi dzanja loongoka: Na. 7 / masatifiketi a ana / makope awiri. Ngakhale makiyi opachikidwa pamisomali anali ndi manambala awo. Sajeni, amene kwawo kupeza sizasi kumafuna msonkhano wa banja lonse, anachita kansanje.

*

Anamwino sanadikire kufunsidwa. Anali mayi wa mawu ouma, a munthu amene wakhala akuuza odwala zinthu zimene safuna kumva.

"Mawuwo ndi anga. Pakamwapo ndi panga. Khalani pansi muone zimene ndinanena."

Anatembenuza kompyuta. Inali vidiyo yomweija, bulauzi yomweyo, kabotolo komweko, koma iyi inali yaitali, ya mphindi zitatu, yodzaza kutsokomola ndi kubwereza.

"Kwabwera anthu ndi timakapisozi iti. Akumanena kuti, siyani mankhwala a kuchipatala. Imwani kapisozi mmodzi m'mawa, bipi yanu itha m'sabata ziwiri. Limenelo ndi bodza la nkunkhuniza. Ine ndawaona ndi maso anga anthu amene amwa. Ena ali m'wodi, ena tinakawaika m'manda. Musawamvere. Ndine namwino wanu, dzisamalireni."

Sajeni anawerenga pa zala. Munthu anachotsa ziganizo zinayi, n'kusiya zinazo monga zinalili.

"Yaitaliyi munaitumiza kwa anthu?"

"Ayi. Ndinatsokomola kwambiri, ndinati tidzajambulanso. Anawa anaitenga kuti aziyeserapo mapulogalamu awo."

"Ana ati?"

"Chitsiriza, mwana wanga wotsiriza, ndiye amakonza mavidiyo. Ndi mnzake wa kamera. Pulogalamu yakale yokonzera mavidiyo inayamba kuvuta, ndiye amasankha yatsopano. Sabata yonse m'nyumba muno munali mkangano wa zimenezo, kudya osakoma. Ine za makompyuta sindidziwa, ndimangokhala pampando apo n'kulankhula."

"Vidiyo yaitaliyi inatulukapo m'nyumba muno?"

"Afunseni eni ake." Anavula magalasi, n'kuwapukuta nthawi yaitali kuposa mmene galasi limafunira. "Dzulo ndinapita kukamuona telala uja. Mkazi wake anandithamangitsa pakhomo la wodi. Wodi imene ndagwiramo zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, Asajeni. Ndipo sindinamuyankhe, chifukwa ndikanakhala ine ndikanachitanso chimodzimodzi."

*

Wakamera anamupeza kuseri kwa nyumba akupukuta magalasi a kamera, thukuta lili kamukamu ngakhale kunali mthunzi. Anali wa mtundu wa anthu amene ukawafunsa nthawi amakufotokozera mmene wotchi imagwirira ntchito.

"Abwana, ine ndiye ayi. Ine ayi ndithu. Taonani, mapulogalamu analipo atatu. Ine ndinatenga awiri, sisi Chitsiriza anatenga imodzi. Yoyamba ndi ya pafoni, yaulere, yachangu, koma imadinda chidindo pakona, kambalame kodumphadumpha. Amayi anati sangalankhule za sitiroko kambalame kakuvina paphewa pawo. Inagwa pomwepo."

"Yachiwiri?"

"Eee, imeneyo ndiye makina enieni! Ya akatswiri. Ine ndinkafuna imeneyo. Koma mavidiyo athu ndi olankhula okhaokha, ndiye umakhala theka la tsiku ukusaka pamene liwu lathera, ukudula ndi dzanja. Ndipo ukadula, mutu wa munthu umadumpha. Gwedu! Aliyense amaona kuti apa padulidwa. Onerani yabodzayo, abwana, muone ngati mutu wa amayi ukudumpha."

Sajeni anaioneranso kachisanu ndi chitatu. Mutu sunadumphe. Chidindo panalibe.

"Kusalaza kumeneko ndi kwa pulogalamu yachitatu. Imasoka yokha pamene padulidwa. Ndiyo tinasankha, ngakhale ine ndinavota motsutsa, zilembedwe zimenezo."

"Yachitatu anayesa ndani?"

Wakamera anasiya kupukuta magalasi. Anayang'ana zenera la chipinda chojambulira.

"Sikuti ndikunena kuti ndi sisi," anatero motsitsa mawu. "Kungoti ntchito yaukhondo chonchija si ya munthu wamba. Pamafunika wodziwa. Ndipo odziwa m'nyumba muno tilipo awiri."

*

Chitsiriza anali mtsikana wa zaka za m'ma makumi awiri, wofanana ndi mayi ake pachibwano, maso atatupa. Ankayankha mwachidule ngati mawu akugulidwa.

"Munasankhiranji yachitatu?" anafunsa Sajeni.

"Imalemba mawu onse amene munthu walankhula. Ukafufuta chiganizo patsamba, chimachokanso m'vidiyo. Ntchito ya maola anayi imatha mphindi makumi awiri."

"Vidiyo yaitali munaiikamo?"

"Ndinaiikamo. Sabata yoyesera amalola kutulutsa mavidiyo atatu okha. Ndinatulutsa awiri. Nditafuna yachitatu inandiuza kuti atha. Ndinangoti yalakwitsa kuwerenga."

"Simunafufuze?"

"Ayi."

"Fufuzani tsopano, ine ndili pompano."

Mtsikanayo anatsegula tsamba limene pulogalamuyo imasungapo mbiri ya ntchito. Anatsika m'munsi, kudutsa mavidiyo a masabata atatu, mpaka pa sabata yoyesera ija. Panali mizere itatu. Iwiri yoyamba inali yake. Wachitatu unali wa Lolemba, nthawi ya 10:40 m'mawa. Atautsegula, mawu onse a Anamwino anaonekera patsamba, ndipo ziganizo zinayi zinali zitadulidwa ndi mzere wofiira. Pulogalamuyo sinkataya kanthu, inkangobisa.

Sajeni anamva mtima ukupepuka koyamba tsikulo. Umboni woti mayi aja ananamiziridwa unali uwu. Koma bungwe likanafunsa funso limene iye ankadzifunsanso: vidiyo yapangidwa m'nyumba mwanu, pakompyuta yanu, ndiye tikhulupirire bwanji kuti simunatume ndinu? Popanda dzina la munthu, mzere wofiirawo sukanapulumutsa chiphaso.

Atatembenuka, anapeza Chitsiriza atauma, dzanja lili pakamwa, akuyang'ana pamwamba pa tsambalo. Kenaka mtsikanayo anatseka kompyuta mwamsanga.

"Ndine," anatero. "Ndinapanga ndine. Amayi sadziwa kanthu. Tiyeni muzipita nane."

*

Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu za upolisi zinamuphunzitsa Sajeni kuti wolakwa amavomera pang'onopang'ono, ngati akuzulidwa dzino. Wovomera mothamanga chonchi amakhala kuti waona china chake.

Anabwerera kuseri.

"Lolemba la sabata yoyesera, m'mawa, munali kuti?"

Wakamera anasangalala kuti wafunsidwa zimene angayankhe ndi umboni. Anafufuza m'kachikwama ka makhadi a kamera, n'kulowetsa imodzi.

"Kudepoti ya mabasi, abwana! Amayi amayeza madalaivala bipi. Kamera siinama, imalemba nthawi yokha. Ndi apa, 10:38. Apa 10:45. Uyo wanyamula maikolofoni ndi sisi. Ine ndili kuseri kwa kamera, mukumva mawu angawo ndikuuza kondakitala kuti achoke kutsogolo."

Onse atatu anali kudepoti, mpaka masana. Odziwa awiri aja analibe mlandu, ndipo mlandu unali ulipobe.

Sajeni analowanso m'chipinda chojambulira, n'kuuza Chitsiriza kuti atsegule kompyuta ndi kuchoka pampando. Mawu achinsinsi olowera sanavutike kufunsa: anali pakapepala komatidwa pansi pa kiyibodi, malo amene aliyense amaganiza kuti ndi iye yekha wawatulukira. Tsono Sajeni ndi makina sankamwerana madzi. Kuofesi malipoti ankalemba ndi zala ziwiri, ndipo pulintala ikamuona inkangodziwiratu kuti lero ndi tsiku lotafuna mapepala. Komabe anakhala pansi, nayang'ana kamera ya pakompyuta.

"Ine ndine wapolisi. Ziphuphu sindilandira. Bwerani kuofesi kwanga."

Mawu ake anaonekera patsamba. Anakoka mzere pachiganizo chapakati, n'kudina kamodzi. Atayatsa, anadziona yekha akunena bwinobwino, mutu osadumpha: "Ine ndine wapolisi. Bwerani kuofesi kwanga." Sipanathe ndi mphindi imodzi yomwe.

Anatsamira kumbuyo pampando. Tsiku lonse ankasaka katswiri, pamene chinthuchi chinkangofuna munthu wodziwa kuwerenga.

"Mutaisankha, munaonetsa ndani mmene imagwirira ntchito?"

Chitsiriza anayang'ana kukhoma. Anayankha Wakamera, amene anali pakhomo ndipo sakanatha kupirira funso lopanda woyankha.

"Tonse, patebulo, Lamlungu lake. Sisi amafuna kundigonjetsa, ndiye anati, iyi ndi yosavuta, ngakhale adadi angaithe. Mpaka anawapatsa kuti ayese, tonse tinaseka..."

Anadzigwira pakamwa.

Sajeni anabwerera pa tsamba la mbiri lija, nayang'ana pamene mtsikanayo ankayang'ana: maina a mavidiyo. Achinyamata ali ndi katchulidwe kawo. Mzere woyamba unali "yoyesa". Wachiwiri "yoyesa yeniyeni". M'masabata otsatira munali "yomaliza", "yomaliza 2", "iyi ndiye yomaliza basi". Pakati pa chipwirikiti chimenechi, mzere wachitatu unaima wokha mwaulemu: Na. 3 / makapisozi / kope limodzi.

"Asajeni, chonde," anatero Chitsiriza, misozi ikutsika. "Ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri. Ndinawaphunzitsa ndine. Ndikanasankha ya mnzangayu, yovuta ija, sakanaikhudza n'komwe."

"Mwana wanga, kusankha chida chosavuta si mlandu. Khala muno."

*

Akalaliki anali pakhonde, nyuzipepala itapindidwa kanayi pamwendo. Anamwino anali atakhala chapatali pang'ono, manja ali pachifuwa. Sajeni anakoka mpando n'kukhala pakati pawo.

"Bambo, Lolemba lija anthu onse atapita kudepoti, pakhomo pano panabwera munthu?"

"Palibe. Ndikanalemba. Alendo onse ndimalemba."

"Ndikukhulupirira. Ndipo chinthu chilichonse chimene mwapanga mumachipatsa nambala, mutu, ndi kuchuluka kwa makope. Si choncho?"

Bambowo anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anaika nyuzipepala patebulo, nailinganiza ndi m'mphepete mwake.

"Chikalata chopanda nambala si chikalata," anatero pang'onopang'ono.

"Mwana wanu wavomera mlandu wanu. Akufuna ndimutenge iyeyo."

Apa ndiye nkhope inagwa. "Ayi. Ameneyo ayi. Lembani, Asajeni. Ndinafufuta ziganizo zinayi, ndinatulutsa kope limodzi, ndinalipereka kwa mwini makapisozi. Tinadziwana pamzere wa penshoni. Sanandipatse kalikonse, ndipo sindinapemphe."

Anamwino sanakuwe. Zikanakhala bwino akanakuwa.

"Bambo a Chitsiriza," anatero. "Mwati bwanji?"

"Amathandiza, mayi. Makapisozi aja amathandiza. Ndinakuuzani kawiri konse, munandiseka pamaso pa ana. Munati ine ndizisunga mafayilo, za mankhwala ndisiyire inu. Zaka zitatu tauni yonse ikumvera inu, ine m'nyumba mwanga momwe ndikatsegula pakamwa mumati mwamwa mapiritsi? Ndinaona kuti anthu akumanidwa chinthu chabwino chifukwa cha liuma lanu. Ndinangokonza."

"Munangokonza. Munthu wagona kuchipatala uko, sangathe kugwira supuni."

"Sindinadziwe kuti zifika pamenepo. Mwina anali ndi vuto lina. Ine bwanji ndili bwinobwino?"

Sajeni anaona nkhope ya mayiyo ikusintha, mkwiyo ukuchoka, m'malo mwake mukubwera mantha.

"Inu bwanji muli bwinobwino," anabwereza Anamwino. "Mukumwa?"

Akalaliki anayang'ana pansi.

"Ndikufunsa! Mapiritsi amene ndimakuikirani pambali pa kapu m'mawa uliwonse amapita kuti?"

"Ndimasunga," anatero mawu ali pansi. "M'maenvulopu. Sindinataye ndi limodzi lomwe."

"Kuyambira liti?"

"Miyezi inayi."

Mayiyo anadzuka n'kulowa m'nyumba. Anabwera ndi makina oyezera bipi, nakwinya mkono wa shati ya amuna awo popanda kupempha, nakulunga lamba. Lambalo linamasuka, anachita kukulunganso. Makinawo analira, nafinya, nafwetsa. Anamwino anawerenga manambala, n'kutseka maso.

Sajeni anatulutsa pepala m'chikwama. Ankadana nayo mphindi imeneyi, koma inali ntchito yake.

"Mayi, ndikuuzeni chilungamo. Mukalemba apa kuti vidiyo inapangidwa inu osadziwa, ndi kutchula amene anaipanga, Lachisanu chiphaso chanu chikhala m'manja mwanu. Mukakana kuwatchula, bungwe lidzati mumadziwa, kapena mukubisa. Ine sindingakusankhireni."

Akalaliki anakweza mutu. Zaka makumi anayi za banja zinali pamenepo, ndipo kwa kanthawi Sajeni anaganiza kuti mayiwo akankha pepalalo.

"Kunja kuno kuli anthu angati amene anaonera ija n'kusiya mapiritsi?" anafunsa Anamwino, osayang'ana munthu aliyense. "Ndikakhala chete, adzamvera ndani powauza kuti ayambirenso?"

Anatambasula dzanja. Sajeni anafufuza cholembera m'chikwama osachipeza. Akalaliki anasolola chimodzi m'thumba la shati, nachotsa chivindikiro, napereka kwa akazi awo.

Analemba dzina lonse la amuna awo, zilembo zikuluzikulu, nasaina m'munsi. Kenaka anagwira bambowo pamkono n'kuwadzutsa pang'onopang'ono, monga amadzutsira wodwala amene angagwe nthawi ina iliyonse.

"Atengeni, Asajeni. Koma galimoto yanu iyambe yadzera kuchipatala, ndipo ine ndikwera nawo kumbuyo. Bipi imeneyi kupolisi sakafika nayo."